Kuonetsa mwana mwezi ku Chinyunyu

Kwathu mwana akabadwa timamuonetsa mwezi watsopano. Timamukweza m'mwamba n'kumuuza kuti, "Suwo mnzako, mukulire limodzi." Koma mwezi watsopano sudikira munthu. Umaoneka kumadzulo dzuwa likangolowa, woonda ngati chikhadabo, ndipo usanamalize kutsuka mbale umakhala utalowa kale.

Kumene ndinakwatiwa, kufupi ndi Chinyunyu, nyumba yathu ili m'tsinde mwa phiri, ndipo phirilo lili kumadzulo. Limameza mwezi ife tisanauone. Mwana wanga woyamba sanauone, ndipo anamwalira asanayambe kukwawa. Kuchipatala anati ndi malungo, inenso ndikudziwa kuti anali malungo. Koma pamaliro apongozi anga anandifunsa chapansipansi kuti, "Mwezi anauona?"

Wachiwiri anabadwa m'nyengo yozizira. Mwezi utafa ndinadikira, osauza munthu. Ogulitsa tomato kumsewu atanena kuti dzulo unaoneka, ndinabereka mwana kumsana dzuwa likupendeka n'kutsikira kudambo la madzi otentha, komwe kulibe phiri lotchinga.

Masiku onse pamakhala anthu ochapa ndi osamba, koma tsikulo panali zii. Nthunzi inali itakuta udzu, ikununkha ngati mazira owola. Patsogolo panga panaima mayi mmodzi, atandipatsa msana, atakweza m'mwamba kanthu kokulunga m'chitenje.

"Fulumirani, bamake mwana," anatero osatembenuka. "Ukupita."

Wanga anali m'tulo, sanalire n'komwe. Mayiyo anadziwa bwanji kuti ndabereka mwana?

Ndinamasula mwana. Mwezi unali utatsala pang'ono kukhudza mitengo.

"Ndinu wamfupi inu," anatero mayiyo. "Bweretsani ndikukwezereni."

Apo m'pamene anatembenuka. Nkhope yake sindinali kuidziwa. Chitenje chija anachifungatira bwinobwino, dzanja limodzi litachirikiza pamene pamakhala mutu, koma munalibe kanthu. Chinali chonyowa, chikudontha.

"Nanga wanu?" ndinafunsa.

"Wanga amauona mwezi uliwonse. Sakula."

Anatambasula dzanja. Kukana munthu wamkulu n'kovuta, sitinaleredwe choncho. Ndinati, "Zikomo mayi, ndikwanitsa," n'kukwera pamwala. Ndinamukweza mwana mpaka mapewa kuwawa, ndipo ndinanena mawu aja mokuwa. Mwanayo anatsegula maso, n'kuyetsemula. Mwezi unalowa m'mitengo.

Nditatsika pamwala panalibe munthu. Ndinangomva phazi chubwi, chubwi, kulowera kumene madzi amawira mpaka kupsetsa dzira.

Kunyumba ndinafotokozera apongozi zonse. Sanafunse kuti anali ndani. Anangoti, "Munam'patsa?"

"Ayi."

"Anam'khudza?"

"Ayi."

Anatenga mwanayo, anamununkhiza pamutu, n'kundibwezera. "Muyamwitseni."

Pano mwanayo amathamangitsa mbuzi, ndipo amagona muneti ya udzudzu masiku onse. Zovala ndimachapabe kumadzi otentha, koma masana. Ndikamva kumsewu kuti mwezi waoneka, ndimamuitana dzuwa lisanalowe, n'kumukhazika pakhomo, pomwe phiri limatitchinga.