Sipuleya Inafika Khobwe Atamera

Ndikukumbukira chaka chimene azakhali anga a ku Balaka anandiitana kuti ndikadye nawo Khirisimasi. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndipo sitima yochokera ku Nayuchi ndinkangoibayibitsa ikamadutsa, ndisanaikwerepo. Mayi anavomera, koma anati ndipita pokhapokha munda wa khobwe ukayera. Kwathu ku Nsanama ngakhale mwana amadziwa kuti khobwe akapanikizika ndi udzu ali wamng'ono, chaka chimenecho ndi chitambe chomwe simudya.

Bambo ndiwo anandilimbitsa mtima. Anali atagula botolo la mankhwala opha udzu, ndipo aliyense wodutsa pakhomo ankamuonetsa, afune asafune.

"Chaka chino khasu lipume," ankatero.

Mayi ankangoseka. "Inu bambo ake Tereza, udzu wa kuno suopa botolo."

Ine ndinali mbali ya botolo ndi mtima wanga wonse. Koma mankhwala amenewo ankafunika kupopera mbewu ikadali m'dothi, pomwe sipuleya m'mudzi monse inali imodzi, yoyenda khomo ndi khomo ngati mtondo wobwereka. Mvula itagwa tinayamba kudzala kumtunda kwa munda, kumunsi tinamalizira pambuyo. Pamene sipuleya inkatipeza, kumtunda khobwe anali atatukula kale timasamba.

Bambo anapopera kumunsi kokha, n'kuyamba kutsuka sipuleya. Ndinawakakamira mkono kuti apoperenso kumtunda.

"Iyayi mwanangu," anandiyankha. "Mankhwala awa alibe maso. Akapeza chobiriwira safunsa kuti ndiwe khobwe kapena udzu."

Ndinalira mpaka kukana chakudya, ngakhale ndinachidyabe mobisa.

Khirisimasi ikuyandikira, munda unaoneka ngati wa anthu awiri. Kumunsi kunali mizere ya khobwe yekhayekha, kumtunda udzu unali utawirira. Tsiku lina m'mawa ndinapeza bambo akunola khasu pamwala.

"Kodi lapuma mokwanira?" anafunsa mayi. Bambo anangopitiriza kunola.

Tinapalira atatu, dothi lonyowa likumata kumapazi, fungo la udzu wodulidwa lili guu. Mayi akapeza bonongwe kapena chisoso ankathyola n'kuika m'chitenje, uku akuwatola bambo kuti kumunsi kwawo koyerako ndiwo akadya dothi. Bambo ankabweza kuti kumunsiko sikunachititse munthu thukuta. Ndinaseka mpaka ndinadula khobwe wina, n'kumukwirira msangamsanga ndi phazi. Mzere wanga ukatsalira, ndinkangoona bambo akubwera akuupalira kuchokera kutsogolo.

Tinamaliza nthawi ikadalipo. Sitima ndinaikwera, matuza ali m'manja, mutu uli pazenera mpaka ku Balaka. Chimwemwe ngati chimenecho sindikudziwa ngati ndinachimvanso.

Lero ndimalima khobwe wangawanga. Sipuleya ikapezeka mbewu isanamere ndimapopera, ikachedwa ndimatenga khasu udzu ukadali wanthete, chifukwa zonse ziwiri zimagwira ntchito pa nthawi yake. Koma china ndinachidziwa nditakula. Mayi anandiuza kuti botolo lija bambo sanaligulire matama. Msana unkawavuta kwambiri chaka chimenecho, ndipo tikaweruka kopalira mayiwo ankawathowa ndi madzi otentha, bambo atawaletsa kuti asandiuze. Ine ndinkayesa kuti ku Balaka ndinapita pa sitima, osadziwa kuti ndinapita pamsana pa bambo.