Fuko la Amayi

Nditasiya koleji, kapena kuti koleji itandisiya ine, pakuti tinasiyana mwamtendere, ndinawoloka malire pa Muloza kukafuna ntchito yosenza matumba a nandolo ku Milanje. Ndinkayenda ngati mwana wobwerera kwawo. Bambo ankakonda kunena kuti makolo athu anachokera kutsidyako, ndiye ndinkaganiza kuti dziko lonse la Mozambiki likundidikira.

Silinkandidikira. Mwini nyumba yosungiramo nandolo, mkulu wa imvi wolankhula Chichewa chopotoka, anali ndi lamulo lake: mlendo wopanda mbale womuimira salembedwa ntchito. Ndinati ndine Mlomwe. Anandifunsa kanthu m'Chilomwe, ine n'kuyankha moni, chifukwa Chilomwe changa chinkathera pomwepo.

"Chabwino," anatero. "Fuko lako ndi liti?"

Ndinatchula la bambo, mokweza, ngati ndikuyankha mayeso amene ndawerengera. Osenza matumba anaseka mpaka wina anatula katundu.

"Iwe Mmalawi," anatero mkulu uja, "bambo ako anangobwera kudzakwatira. Kuno munthu amatenga fuko la amayi ake. Amako ndi a fuko liti?"

Sindinkadziwa. Ndinkadziwa kuti amayi amathyola tiyi, amadwala msana, amaimba kwaya. Anakula nthawi imene kulankhula Chilomwe pamsika wa Thuchila kunali kudziitanira chipongwe, ndipo anatilera m'Chichewa chokhachokha kuti tisamasekedwe.

Ndinapita pakamtunda pomwe foni imakoka netiweki ya kwathu.

"Amayi, fuko lanu ndi liti?"



"Akufunsa ndani?"

"Abwana."

"Chimwalirire agogo ako palibe anandifunsapo zimenezo."

Kenako analitchula, motsitsa mawu. Ndinawapempha abwereze. Kachiwiriko linamveka bwino, ndipo anawonjeza kuti ndisalipotoze pakamwa ngati mzungu.

Mkulu uja atalimva anapukusa mutu. Silinali fuko lake. Koma analoza tsidya la msewu, pomwe munthu wina ankamata chubu cha njinga pansi pa mtengo wa mango.

"Uyo ndi wanu. Kamuuze."

Ndinapita, n'kutchula mawu amodzi aja. Wokonza njingayo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato, osaoneka wokondwa kwenikweni.

"Ndiye kuti ndiwe mphwanga, mwana wa achemwali anga," anatero, akupukuta manja pathalauza. "Tiye ndikakuimire. Koma ukakaba, wandibera ine."

Mawa lake ndinayamba kusenza. Pantchito ankanditchulabe Mmalawi, ndipo sindinkakana. Koma madzulo ndinkadya kwa amalume amene amayi sanawaonepo, ndipo amayi anayamba kuimba foni kufunsa ngati achimwene awo ali bwino.