Tsiku Limene a Juliana Anadula Mawu a Mkulu wa Mpingo

A Juliana Namakhwa amalima mbatatesi ndi masitiroberi m'mbali mwa phiri la Zomba, pa kamunda kotsetsereka kamene anawasiyira malemu amuna awo. Anabwera kuchokera ku Mozambique ali kamtsikana, makolo awo akuthawa nkhondo, ndipo anakulira ku Malosa akuuzidwa kuti mlendo sakweza mawu pa bwalo la eni. Mwambo umenewo unawalowa m'mafupa. Ku tchalitchi amakhala pa benchi la kumbuyo. Pa maliro amapezeka kophika, osati kokambirana. Ngakhale pogulitsa zipatso m'mphepete mwa msewu wokwera phiri, iwo amangokweza mbale galimoto ikamadutsa, kukuwa n'kusiyira anzawo.

Chaka china anyani anavuta kwambiri. Mitengo ya paini itadulidwa kumtunda, anyaniwo anayamba kutsika m'magulu n'kumafukula mbatatesi zisanakhwime. A Juliana ankadandaulira aliyense wowagula, makamaka Melissa, mtsikana wa ku Mbedza amene ankatenga zipatso zawo zopangira jamu.

Melissa yemweyo ndiye anawaitanira ku msonkhano umene iye ndi anzake anakonza m'holo ya tchalitchi china ku Masongola. Unali msonkhano wachilendo. Kunalibe mlendo wolemekezeka, kunalibe tebulo la akuluakulu. Aliyense wokhala ndi nkhani ankailemba pa pepala n'kumata pakhoma, ndipo ofuna nkhaniyo ankapita kukakhala naye. Melissa anafotokozanso kuti munthu akaona kuti pamene wakhala sakuphunzirapo kanthu ndipo sakuthandizapo, anyamuke apite ku gulu lina.

Zimenezi zinawaopsa a Juliana. Kunyamuka munthu akulankhula? Ali mkati modabwa, anangoona Melissa akumata pepala lina.

"Mayi, nkhani yanu ya anyani ija ndi iyi. Mukhala pansi pa mtengo wa jakaranda kuseriku, tikatha kudya."

"Iyayi mwana wanga, ine ndimangodandaula. Chotsani."

"Simukaphunzitsa, mayi. Mukangofunsa anzanu kuti iwo amatani."

Nthawi ya chakudya inakwana. A Juliana ankapemphera kuti pasabwere munthu, kenaka n'kuopanso manyazi okhala okha pansi pa mtengo. Koma anthu anabwera, ambiri ndithu. Panali a Alufeyo, olima chimanga kumunsi kwa phiri. Panalinso a Safina, mayi wa ku Malosa, amene pokhala pansi ananena kuti kwawo ali ndi kanjira kena kothamangitsira anyani. Pomalizira anafika a Hamilton, mkulu wa mpingo wa a Juliana, bambo amene anayendetsa mwambo wa maliro a amuna awo n'kuwathandiza kupeza matabwa a bokosi.

A Juliana ananena mawu awo ochepa, kufunsa anzawo kuti amatani ndi anyani. A Hamilton anatsokomola n'kuyamba. Anayambira pa anyani pomwepo, koma posakhalitsa anali pa nkhalango ya kale, mmene inkasamalidwira. Kuchoka apo analowa za achinyamata osamva, kenaka za ndale. Mawu awo anali abwino ndithu, a munthu wozolowera guwa, koma analibe popumira.

Munthu woyamba ananyamuka mwakachetechete. Kenaka amayi awiri. A Juliana ankamva ngati aliyense wonyamuka akuwaloza chala. Melissa atadutsa chapafupi, anamukodola n'kumunong'oneza.

"Auzeni, chonde. Inu ndinu eni msonkhano."

"Ine sindingathe, mayi. Gululi ndi la amene mwakhala panonu. Ndikawaletsa ine lero, ndiye kuti gulu lililonse lizidikira ine."

Ndipo anapitadi. A Juliana anayang'ana a Alufeyo, koma iwo ankatokosa dothi ndi kamtengo. Anayang'ana ena, onse maso pansi. Aliyense ankadikira mnzake. Kenaka anaona a Safina akumanga chitenje, akutola jumbo yawo. Mayi ameneyu anakwera minibasi m'mawa ndi nzeru imene a Juliana ankaifuna, ndipo tsopano ankabwerera nayo.

A Juliana sakumbuka mmene anatsikira pa benchi. Anangopezeka atagwada, akuwomba m'manja pang'onopang'ono.

"Pepani abambo, ndakudulani. Anyani aja tawasiya kutali. Mayi awa achokera ku Malosa ndipo sanalankhulepo."

A Hamilton anawayang'ana nthawi yaitali.

"Ndiye kuti ndakutopetsani," anatero motsitsa mawu. Anatenga chipewa chawo n'kupita ku gulu lokamba za misewu m'holo muja.

A Safina anakhalanso pansi. Anafotokoza za tsabola wosinja amene amapaka pa mbatatesi zoikira dala m'malire a munda. A Alufeyo anati anayesapo, anyaniwo anazolowera pasanathe mwezi. Anatsutsana, ena anaseka, amayi awiri aja anabwerera. Pamapeto, mabanja a minda yoyandikana anagwirizana zobzala nthawi imodzi kuti azilondera mosinthana. Zambiri mwa izi a Juliana anachita kuuzidwa pambuyo pake, chifukwa mtima wawo unali pa msana wa a Hamilton umene ankauona pawindo.

Lamlungu anafika ku tchalitchi mochedwa dala. Potuluka anakumana nawo pakhomo. A Hamilton anawapatsa moni wa masiku onse, osawonjezera, osachotsera, n'kupitirira. A Juliana anausinkhasinkha moniwo njira yonse yokwera phiri, osapezamo yankho.

Kulondera kunayamba. Banja lina linkajomba, anyani sanasiye kubwera, komabe mbatatesi zinafika pokhwima. Atakumba, a Juliana anasankha zikuluzikulu, n'kudzaza dengu, n'kulipereka kwa akazi a a Hamilton. Patapita masiku dengulo linabwerera, muli phava la nthochi, koma lopanda uthenga. Mpaka lero sadziwa ngati anaikamo ndi amayiwo okha, kapena bambowo ananenapo kanthu.