Chaka Chimene Mwana Wathu Anapita ku Kitwe

Ndinabwera ku Nkhata Bay kuchokera ku Dedza ndili mnyamata, kudzagwira ntchito pa esiteti ya labala. Tinkacheka makungwa a mitengo m'mawa kuti utomoni utsikire m'tizikapu. Kutchalitchi ndi kumene ndinapeza mkazi wanga, Mtonga wa kufupi ndi Chintheche, amene Mulungu anamutenga zaka zapitazo. Tinali ndi mwana mmodzi yekha, wamkazi.

Mwanayo analemba mayeso a Sitandade 8, nakhoza, koma sanasankhidwe kupita ku sekondale. Masiku amenewo zimenezi sizinali zachilendo. Malo anali ochepa, ndipo ana ankabwereza kalasiyo mpaka ena kumera ndevu. Makolo ena ankasamutsa mwana sukulu n'kumulembetsa ndi dzina lina kuti aoneke ngati akulemba koyamba. Sindinawaweruze, pakuti ndinkadziwa chimene chinkawawawa, koma ine mtima sunandilole.

Pa Khirisimasi kunabwera mlamu wanga, mchimwene wake wa mkazi wanga, amene ankagwira ntchito kumigodi ya ku Kitwe. Anali munthu wa mawu okwera ndi mtima wabwino. Mwana wathu ankamutchula kuti asibweni, ndiye kuti amalume, ndipo kwa anthu a kuno mawu a asibweni pa mwana wa mlongo wawo amalemera.

Anatipeza tikusenda chinangwa pakhonde. Atamva za mayeso, anayamba.

"Alamu, kuno mukuwononga ana. Kwathu ku Zambia Chingelezi amayamba tsiku loyamba lenileni. Kuno mwana wa Chitonga ayambe walimbana ndi Chichewa chanucho, kenaka Chingelezi. Mutu ndi umodzitu."

"Kwanu ku Zambia?" anatero mkazi wanga. "Mchombo wanu uli kuseri kwa mango awo, achimwene. Ndipo tsitsani mawu, msewu uli pafupi."

Ankanena zoona. Kuyamikira dziko lina mokweza nthawi imeneyo kunkatha kumubweretsera munthu alendo osawafuna. Mlamu anatsitsa mawu pang'ono, koma posakhalitsa anakweranso.

Pakhondepo panalinso mkulu wa mpingo amene anakhalako ku Tanzania. Iye anati kumeneko ana amaphunzira m'Chiswahili pulayimale yonse, ndipo amalima munda wa sukulu.

"Kulima aphunzire kusukulu?" anatero mlamu. "Nanga khasu la amayi ake latha?"

Kenaka anatulutsa mfundo yake yaikulu. Anawerenga pa zala: ku Zambia pulayimale ndi zaka zisanu ndi ziwiri, kuno zisanu ndi zitatu. Ndiye kuti mwana wathu, malinga ndi masamu ake, anali atamaliza kale Fomu 1 ya kumeneko osadziwa.

"Ndimutenge. Akangofika, akalowa Fomu 2. Aphunzitsi akamulandira ndi manja awiri."

Ine ndinaona kuti masamuwo akupendekeka penapake, koma sindinadziwe kuti ndi pati. Ndiponso si masamu amene ankandivuta. Mwana anali mmodzi. Ndiye ankatiwerengera Baibulo m'mawa, ndiye ankanditanthauzira nthabwala za Chitonga zimene amayi ake ankandiseka nazo. Ndinapempha masiku oti ndipemphere.

Ndinkayembekeza kuti mkazi wanga akana, ine n'kubisala kumbuyo kwake. Tsiku lina ndinamutsatira kudambo kumene ankavuula chinangwa chonyika, ndipo ndinamufunsa maganizo ake. Anayankha osadzutsa mutu, akunditchula kuti ada, monga Atonga aitanira mwamuna mwaulemu.

"Ada, ine sukulu ndinalekera Sitandade 3 chifukwa amayi ankafuna wowathandiza ntchito iyi. Ankandikonda kwambiri. Onani pamene chikondicho chinandisiya."

Anaseka, nandipatsira dengu kuti ndinyamule. Mwanayo titamufunsa, anati akufuna kupita, koma ankayang'ana amayi ake ponena.

Anakwera basi ya ku Mzuzu ndi asibweni ake, atanyamula thumba la ufa wa kondowole ndi usipa wouma. Mkazi wanga sanalire pamsewu. Anakalirira kumunda.

Patapita miyezi, munthu wina wa ku Kande amene ankagwira ntchito limodzi ndi mlamu anabwera kutchuthi. Anakhala pampando nthawi yaitali akukamba za mvula. Pomaliza anati mwana ali bwino, wanenepa, koma za Fomu 2 palibe. Akuluakulu a sukulu anati sekondale salowa munthu wopanda mayeso a dziko lawo. Atamuyesa Chingelezi cholankhula, anamuika Giledi 6. Mlamu anachita manyazi, n'chifukwa chake anatuma munthu.

Mkazi wanga anaseka mpaka kugwira nthiti.

"Fomu 2 ya achimwene ndi imeneyo? Kuno akanabwereza chaka chimodzi, uko ziwiri. Masamu a kumigodi."

Ine ndinaona mpata. Ndinati ngati ndi kubwereza, angathe kubwereza ali pakhomo pano, ndipo ndikhoza kupempha tchuthi n'kukamutenga. Mkazi wanga analeka kuseka, nafunsa mlendoyo ngati mwanayo wanena kuti akufuna kubwerera.

"Ayi, ama. Akuti masamu akuwaposa onse m'kalasi, ndipo Chingelezi chikubwera."

"Ndiye musiyeni," anandiuza. "Tikamutenga, tikhala tikudzitengera tokha."

Sindinapite. Mwanayo anasankhidwa, namaliza sekondale, naphunzira unamwino, ndipo anakwatiwa komweko. Ankabwera mwa apo ndi apo, ndipo nyumba yathu inakhala ya anthu awiri mpaka pamene inakhala ya mmodzi.

Anthu amandifunsa kuti sukulu yabwino inali iti, ya kuno kapena ya uko. Sindidziwa. Ana ena amene anabwereza kuno anapitanso patali. Amayi ake atadwala matenda omaliza, mwana wathu anabwera nakhala miyezi itatu, akuwasambitsa ndi kuwatembenuza ndi manja odziwa ntchito. Mkazi wanga ankauza aliyense wobwera kudzazonda kuti namwino ameneyu anamutumiza kusukulu ndi iyeyo, pamene bambo ake anali akupempherabe.