Malaya Otembenuza

Telala wa pakhonde la sitolo ya utoto anaphunzira kusoka chifukwa cha mlongo wake wamng'ono. Mnyamatayo anabadwa ndi khungu losalimba. Pamene pakhudzidwa ndi chinthu chokhakhala pankatuluka thuza, thuzalo n'kusanduka chilonda. Kuchipatala anati ndi matenda achibadwa, osowa kwambiri, opanda mankhwala.

Chimene chinkamuzunza kwambiri ndi misoko ya malaya. Inkamudya m'khwapa ndi m'khosi, makamaka m'chilimwe thukuta likamatsika. Telalayo akadali mtsikana anazindikira kuti akatembenuza malaya, misoko n'kukhala kunja, mwana amagona osalira. Kuyambira pamenepo ankamuveka chotembenuza, kenako anayamba kumusokera yekha.

Mnyamatayo anayamba sukulu mochedwa, nyengo yachisanu, khungu litapumako. Masamu ankawamwa ngati madzi. Anzake akamuseka kuti wavalira mumdima, ankawayankha kuti malaya ake ndi oona mtima, sabisa za m'kati. Koma kutayamba kutentha kunabwera mphunzitsi wamkulu watsopano, wokonda mizere yowongoka. Anamutulutsa pamzere n'kumulamula kuti atembenuze yunifolomu pamaso pa onse. Pofika masana malaya anali atamatirira kumsana. Mlongo wake anachita kuwanyowetsa ndi madzi ofunda kuti amuvule, komabe anachoka ndi khungu.

M'mawa mwake telalayo anapita ku ofesi atanyamula malayawo osachapa, n'kuwayala patebulo. Mkuluyo anawakankha ndi cholembera. Anati akalola mmodzi, mawa sukulu yonse ibwera itavala chotembenuza. Mwana abwere atavala ngati anzake, apo ayi akhale kunyumba. Munthu wamkulu ndithu, wa ana akeake, kuipidwa ndi msoko kuposa magazi.

Telalayo anabwerera atatsimikiza mtima kuti mlongo wake sadzapondakonso. Anamupeza atagona chafufumimba, buku lili pansi pa chibwano.

"Achemwali, ndisokereni yunifolomu ngati ya anzanga."

"Ukudziwa chimene idzakuchite?"

"Ndikudziwa. Koma kunyumba kuno kulibe masamu."

Anasoka. Msoko uliwonse anaukuta ndi kansalu kofewa, komabe dzuwa likakwera unkapeza podya. Mpaka mvula yoyamba inagwa, mnyamatayo ankapita m'mawa atavala monga mwa lamulo. Masana ankatulukira pamsewu akuyenda pang'onopang'ono, mikono atayitambasula ngati mbalame yoyanika mapiko, kuti nsalu isamukhudze m'khwapa.