Lenzi Yaitali ya Alamu Anga

Alamu anga, amuna awo a achemwali anga, ankajambula anthu zithunzi m'kachipinda ka kuseri kwa shopu yanga yosokera zovala. Dzina lawo lenileni linatsalira pa ziphaso. Aliyense ankangowatcha a Musagwedezeke, chifukwa ndiwo mawu okhawo amene ankatuluka pakamwa pawo pa ntchito. Munthu akakhala pa mpando, iwo ankabwerera m'mbuyo mpaka msana kugunda khoma, n'kutsinzina diso limodzi, kenako: "Musagwedezeke." Chithunzi chikagwedezeka ngakhale pang'ono, ankachifufuta osafunsa mwini wake.

Kwa zaka makumi atatu anajambula akwati, ophunzira, makanda ndi okalamba. Koma achemwali anga, mkazi wawo wa m'nyumba, analibe chithunzi ndi chimodzi chomwe cha iwo okha. Akapempha, yankho silinkasintha: "Mayi, nkhope yanu si ya kamera iyi. Dikirani ndigule yabwino." Achemwali ankangoseka. Ine zinkandipsetsa mtima, chifukwa chikondi chodikiritsa munthu zaka zonsezo sindinkachimvetsa.

Kamera yabwinoyo inabwera chaka chimene achemwali anadwala. Inali yaikulu, ya akatswiri, yotha kujambula ngakhale m'chipinda mosawala bwino. Alamu ankaipukuta m'mawa uliwonse, koma kunyumba sanapite nayo. Ankati ikusowa lenzi yaitali, galasi lija la kutsogolo lojambulira nkhope. Ndi imeneyo, amati, umaima patali, mphuno ya munthu siikula, ndipo zonse za kumbuyo zimazimiririka, n'kutsala munthu yekha. Anali ataiitanitsa kale, ankangodikira kuti ifike.

Pamenepo n'kuti kuchipatala atawabweza achemwali ndi mankhwala opha ululu okha. Tonse tinkadziwa tanthauzo lake.

Tsiku lina ndinaimitsa makina n'kulowa m'kachipinda ka alamu kaja osaodira.

"Alamu, mukudikira chiyani?"

"Lenzi. Yatsala milungu iwiri."

"Milungu iwiriyo mwapangana ndi ndani? Zengerezu analinda kwawukwawu. Mawa muwajambule achemwali ndi lenzi yakale yomweyo, apo ayi ndiwajambula ine ndi foni, muchite manyazi."

Anangopitiriza kupukuta kamera yawo. Koma m'mawa mwake ndinawapeza pakhomo pawo, kamera yatsopano ili pakhosi, kutsogolo kwake ataika lenzi yawo yakale yaifupi.

Ndinaveka achemwali diresi yobiriwira imene ndinawasokera asanaonde, n'kuimanga ndi mapini kumsana. Tinawakhazika tsonga pabedi, pafupi ndi zenera. Alamu anabwerera m'mbuyo mpaka kukhoma monga mwa nthawi zonse. Anasuzumira mu kamera nthawi yaitali, osadina.

"Iyi ikuona zambiri," anatero motsitsa mawu. "Pa kamera yakale lenziyi inkadula m'mbali. Pano ikutenga chipinda chonse, mabotolo a mankhwala, beseni, ndodo."

Ndinadzuka kuti ndichotse zinthuzo.

"Zisiye, mng'ono wanga," anatero achemwali. "Asendere ndi iwowo."

Alamu anasendera pang'ono. Beseni linkaonekabe. Anasenderanso, mabotolo osachoka. Anapitiriza choncho mpaka mawondo awo anagunda bedi, ndipo anakhala pansi m'mphepete mwake. Sindinawaonepo akujambula munthu ali pafupi chotero. Anakwezanso kamera kumaso.

"Bambo," anatero achemwali, "zaka zonsezi mumaima kukhoma, kodi mumaopa kuti anthu akulumani?"

Achemwali anaseka ndi mutu womwe, monga ankasekera tili atsikana. Kamera inalira kamodzi. Mawu awo aja alamu sanawanene. Kusekako kunasanduka chifuwa, ndipo tinawagoneka achemwali. Sanathenso kukhala tsonga kuyambira tsiku limenelo.

Titatuluka pakhonde alamu anandionetsa chithunzicho. Chinali chogwedezeka, tsaya ndi mpango wakumutu zitasakanikirana, maso okha ndiwo ankaoneka bwino. Ndinaona chala chawo chikupita pa batani lofufutira, poti chinazolowera. Chalacho chinaima pamenepo kanthawi, kenako anazimitsa kamera.

Achemwali anatisiya patapita masiku asanu ndi anayi. Lenzi yaitali inafika Lolemba lotsatira maliro. Ndinailandira ndine, ndipo ndinalira ndi mkwiyo, ngakhale sindinkadziwa amene ndamukwiyira.

Alamu akujambulabe kuseri kwa shopu yanga. Lenziyo ili pamwamba pa kabati, m'bokosi lake losatsegula. Masiku ano amakoka mpando n'kukhala pafupi ndi munthu, kucheza naye kaye asanadine. Dzina lija silinachoke, koma mawuwo sindiwamvanso kudzera pakhoma.

Chithunzi cha achemwali anachikuza n'kuchipachika moyang'anizana ndi chitseko. Mwezi watha kunabwera mphunzitsi wina kudzajambulitsa. Anachiyang'anitsitsa n'kunena kuti, "Bwana, ichi ndiye chinakulakwikani. Chinagwedezeka."

"Eee," anatero alamu, akukoka mpando wawo. "Ankaseka."