Kukapempha Nkhoswe M'mimba mwa Sitima Yankhondo

Mundikhululukire awerengi polimba mtima kulemba, poti sukulu yanga inali ya pansi pa mtengo kwathu ku Ntcheu, ndipo za sitima zapamadzi sindine katswiri. Kungoti ulendowu ndaufotokoza pakamwa kambirimbiri, mpaka anzanga ati ndingoulemba kuti makutu awo apume.

Ndinkafuna kukwatira Tadala, amene ankaphunzira unamwino. Malume ake anali atabwera kudzacheza ku London, ndipo anati asanabwerere ku Malawi aone nkhoswe yanga, apo ayi nkhani idikire chaka china. Ine ku London ndinalibe m'bale. Mtima unali pa bambo Chisale, mkulu wa mpingo wathu ku Woolwich, amene paunyamata wawo ankagwira ntchito ku injini za sitima ku Monkey Bay. Ndinkangowazungulira ngati nkhuku yosowa poikira, mawu osatuluka. Tsiku lina iwo eni anati, "Iwe Limbani, Loweruka undiperekeze, ndikakuonetse sitima yeniyeni."

Tinanyamuka m'mawa pa basi 177, paundi imodzi ndi theka aliyense. Ndinakonza zoyankhula m'basimo, koma mpando unapezeka umodzi. Iwo anakhala, ine chiimire. Unkhoswe sungapemphe utaimirira pamutu pa mkulu ngati ukumumeta.

Ku Greenwich anandionetsa sitima yakale ya matanga, yoimikidwa pamtunda. "Iyi inkayenda ndi mphepo basi, kukatenga tiyi ku China," anatero. Tinagula tchipisi n'kumadyera m'pepala, mbalame zam'nyanja zikutiyang'ana ngati alamu osaitanidwa. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiyambe, imodzi n'kutsomphola tchipisi m'dzanja langa.

Kenako tinakwera boti la pamtsinje lopita ku Tower Bridge. Madzi aakulu amene ndinali nditawolokapo ndi a Shire, pa mlatho wa Zalewa, ndili m'basi. Ndinagwira chitsulo ndi manja onse awiri. Mnyamata womasula zingwe anandifunsa ngati kanali koyamba. Ndinati eya, iye n'kuti, "Chitsulocho utisiyire potsika."

Bambo Chisale anali pachimake. Anandiuza za sitima zikuluzikulu zowoloka nyanja kupita ku Amereka, mahotela oyandama okhala ndi malo ovinira, ndi mmene pankhondo anazipakira utoto wotuwa kuti zinyamule asilikali. "Ngakhale azigogo athu popita ku Burma anayenda pa sitima, ena asanaonepo ndi bwato lomwe." Atayamba za ija inagunda madzi oundana paulendo wake woyamba, ndinawapempha mwaulemu kuti imeneyo idikire tifike pamtunda.

Dzuwa lili pamutu tinawoloka mlatho wa Tower Bridge wapansi, ndipo nayo Belfast, sitima yankhondo, mizinga italoza kumwamba. Akuti nkhondo itangoyamba bomba la m'madzi linaithyola msana, koma anaikonza n'kubwereranso kunkhondo. M'kati mwake ndi mudzi wathunthu: pophikira buledi, pochotsera mano, tchalitchi, ngakhale kandende. Wophika wina ndinamupatsa moni kawiri ndisanazindikire kuti ndi chidole.

"Tiye ku injini," anatero bambo Chisale. "Makwerero ake umatsika chobwerera, ngati ukutsika m'nkhokwe."

Pansi penipeni, pakati pa mapaipi onunkha mafuta akale, mwendo unawatopa ndipo anakhala pa sitepe. Kunalibe munthu. Ndinadziuza kuti ndikalephera pano, Tadala andidikira chaka, mwina osadikira. Ndinavula chipewa, n'kugwada pa chitsulo chozizira, n'kuwomba m'manja.

"Bambo, ine kuno ndine mwana wamasiye, ndiye ndimati..."

Apo ndi pamene mlonda wa sitimayo anatulukira, wailesi yoitanira anzake ili kukamwa. Anandigwira paphewa, nandiuza kuti ndipume pang'onopang'ono, thandizo likubwera, anthu ambiri amachita chizungulire kunsi kuno.

Bambo Chisale anaseka mpaka misozi. Anamuuza m'Chingerezi kuti, "Sakudwala uyu, akufuna mkazi."

Mlondayo anayang'ana uku ndi uku, nati, "Kunsi kuno? Tilibe."

Atachoka, ndinamaliza mawu anga opempha unkhoswe. Mkuluyo anapukuta magalasi ake.

"Mayi ako, akunyumba kwanga, anandiuza kalekale za Tadala. Ndimangodikira kuti ndione ngati uli ndi pakamwa. Tadala akadzakwiya, udzatuma ndani kukapepesa?" Anagogoda paipi ndi ndodo. "Sitima ingakule bwanji, silowa padoko yokha, pamafunika kaboti koikoka. Ndikukoka ine. Tsopano dzuka, ukuipitsa buluku, ndipo tiyi wapamwambapo ugula ndiwe."

Makwerero amene ndinatsika ndi mantha ndinawakwera ngati gologolo. Pobwerera tinakwera boti lomwe lija, ndipo tinali titapitirira theka la ulendo pamene ndinazindikira kuti sindinagwire chitsulo. Ndinaphunzira kuti chimene ndinkachiopa si madzi kapena mkulu, koma mawu anga omwe.

Bambo Chisale anavala jekete lawo la mabatani agolide n'kukakumana ndi malume a Tadala ndege isananyamuke. Chinkhoswe chathu chinachitika ku Woolwich, Loweruka pa 16 Sepitembala 2006.